Bedi, mbale ndi mtunda: kawerengedwe ka ulendo wokapuma ku phiri la Zomba

Tchuthi chikayandikira, kaya cha Khirisimasi, cha Pasaka, kaya Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, malo ogona alendo ku Zomba amayamba kulengeza mitengo yapadera. Ena amagulitsa bedi lokha, ena bedi ndi kadzutsa, pomwe ena amamanga zonse mtolo umodzi: kugona ndi kudya katatu patsiku, kulipiriratu munthu asanafike. Banja lomwe lakhala likusunga ndalama kwa miyezi ingapo limangoyang'ana mtengo wa chipinda n'kusankha wotsika. Apa ndi pomwe ambiri amalumwa, chifukwa ku Zomba mtengo wa bedi suyesedwa pawokha. Umayendera limodzi ndi komwe anthu akadye komanso mtunda wa pakati pa tauni ndi pamwamba pa phiri.

Kwa munthu wapaulendo, Zomba ndi malo awiri. Kunsi kuli mzinda, womwe unali likulu la dziko mpaka mu 1975 pomwe boma linasamukira ku Lilongwe. Kumeneko kuli msika waukulu, masitolo, mabanki, malo odyera a mitengo yosiyanasiyana ndi malo ogona kuyambira maresitihausi mpaka malo odziwika monga Hotel Masongola ndi Annie's Lodge. Kumtunda kuli phiri, lomwe nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000 kutalika. Zomwe zimakoka alendo zili kumeneko: damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa mzinda wonse, mathithi a Williams ndi Mandala, Dzenje la Chingwe, ndi malo oonera patali a Queen's View ndi Emperor's View, omwe dzina lake linachokera pa ulendo wa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Hotela yaikulu pamwambapo ndi Sunbird Ku Chawe, yomwe inamangidwa m'mphepete mwenimweni mwa phiri, kuyang'ana mzinda kunsi.

Pakati pa malo awiriwa pali msewu wa tala wokhotakhota wa makilomita pafupifupi 10. Si mtunda wautali, koma ndi wokwera wokhawokha, ndipo mulibe minibasi zoimaima monga za pamsewu wa M3. Wopanda galimoto yake amachita hayala takisi, kukwera kabaza wa njinga yamoto, kapena kukwera pansi kudzera njira yotchedwa Potato Path. Pamwambapo palibe msika wonga wa m'tauni. Pali anyamata ogulitsa masitiroberi, mabulosi, magalagadeya ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu, palinso ogulitsa ziboliboli ndi miyala yonyezimira, koma munthu sangadalire zimenezi kuti ana agone okhuta.

Mayina a mitengo

Amahotela amagwiritsa ntchito mawu a Chingerezi omwe ndi bwino kuwadziwa munthu asanaimbe foni. Room only ndi chipinda chokha. Bed and breakfast ndi chipinda ndi kadzutsa. Half board ndi chipinda, kadzutsa ndi chakudya china chimodzi, kawirikawiri chamadzulo. Full board ndi chipinda ndi zakudya zonse zitatu. Self catering ndi nyumba yokhala ndi khitchini, alendo n'kumadziphikira okha. Pa zonsezi zakumwa nthawi zambiri sizilowamo, ngakhale madzi a m'botolo. Ambiri amadzidzimuka pa tsiku lonyamuka akaona kuti pali bilu ina ya zoziziritsa kukhosi zomwe ana ankaitanitsa momasuka poganiza kuti zinalipiridwa kale.

Kagulitsidwe ka chakudya cholipiriratu si kachilendo. Malo osangalatsa a Walt Disney World ku Florida, m'dziko la America, amagulitsa ndondomeko yotere kwa alendo ogona m'mahotela awo, ndipo mahotela a kunyanja ku Mangochi amachitanso chimodzimodzi pa nthawi ya zikondwerero. Mwini malo amapindula m'njira ziwiri. Amalandira ndalama msanga n'kudziwiratu kuchuluka kwa nkhuku, mpunga ndi ndiwo zamasamba zoti agule, zomwe ndi zofunika kwambiri kwa yemwe khitchini yake ili pamwamba pa phiri ndipo katundu aliyense amachita kukwera naye kuchokera kunsi. Amadziwanso kuti si mbale zonse zolipiridwa zomwe zimadyedwa. Mbale yolipiridwa koma yosadyedwa ndi phindu lake lopanda thukuta. Palibe kuba apa, ndi malonda basi, koma wogula ayenera kudziwa mbali yomwe waima.

Nkhomaliro ndi yomwe imatayika

Mwa zakudya zitatu za tsiku, kadzutsa ndi mgonero zimapeza mlendo ali pamalo pomwe wagona. Nkhomaliro imamupeza ali kutali. Palibe amene amachoka ku Blantyre kapena ku Lilongwe kukakhala m'chipinda masana onse. Anthu amapita ku phiri kukayenda. Kuchokera cha ku Ku Chawe kukafika ku Dzenje la Chingwe kapena ku Emperor's View wapansi n'kubwerako ndi ulendo wa maola ambiri, ndipo ngakhale pagalimoto misewu ya m'nkhalangomo ndi yafumbi, yofuna galimoto yokwera m'mwamba, makamaka m'dzinja. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, banja limakhala lili pakati pa mitengo ya paini, khitchini ili kumbuyo makilomita angapo.

Ziwerengero zotsatirazi ndi zongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe kake, si mitengo ya malo ena alionse. Banja la bambo, mayi ndi ana awiri likufuna kugona masiku awiri pamwamba pa phiri, kufika Lachisanu madzulo n'kunyamuka Lamulungu. Chipinda chabanja ndi kadzutsa ndi K180,000 pa usiku. Kuonjezera mgonero ndi K25,000 pa munthu, pomwe kuonjezera mgonero ndi nkhomaliro ndi K45,000 pa munthu. Ndiye kuti nkhomaliro yolipiriratu ikugulidwa pa K20,000. Kwa wogula pompopompo, mgonero ndi K30,000 ndipo nkhomaliro ndi K25,000.

Papepala zikuoneka bwino: mbale iliyonse yolipiriratu yatsika ndi K5,000. Pa nkhomaliro imodzi ya anthu anayi, banja lapulumutsa K20,000. Koma likaphonya nkhomaliro imodzi yokha, lataya K80,000, yomwe kuti ibwerere pafunika kudya nkhomaliro zinayi mosaphonya. Ulendo wa masiku awiri uli ndi nkhomaliro ziwiri basi. Ya Lachisanu inadyedwa kunyumba kapena panjira, cha ku Namadzi kapena ku Thondwe. Ya Loweruka yapeza anthu ali ku mathithi. Ya Lamulungu imafika alendo atatuluka kale m'chipinda, chifukwa mahotela ambiri amafuna makiyi m'mawa dzuwa lisanafike pamutu. Banja lotere likhoza kulipira K160,000 pa nkhomaliro ziwiri osadyapo ngakhale imodzi, kapena kudya imodzi mokakamizika, kufupikitsa ulendo wa m'nkhalango pothamangira mbale.

Njira yotulukira ilipo, koma imafuna kufunsa ndalama isanatuluke. Malo ena amalongedza kamba wa masana woti alendo anyamule m'malo mwa nkhomaliro ya patebulo. Ena amalola kuti nkhomaliro yomaliza idyedwe Lamulungu munthu atatuluka kale m'chipinda. Zikagwirizanidwa zimenezi, full board imakhala ndi phindu. Zikapanda kutero, buledi, mazira owiritsa, nthochi ndi mtedza wogula kumsika wa Zomba zimagwira ntchito yomweyo pa mtengo wochepa kwambiri. Kamba ameneyu asasiyidwe poyera, chifukwa anyani ndi apusi a m'phirimu sachita manyazi.

Mgonero ndi nkhani ina. Dzuwa likalowa pamwamba pa phiri kumazizira, nthawi zina kumagwa chifunga, ndipo kutsika msewu wokhotakhota uja usiku kukasaka chakudya chotsika mtengo n'kukweranso kumadya mafuta, nthawi ndi mtendere wa mumtima. Yemwe wagona pamwamba adzadya pamwamba, afune asafune. Choncho kulipiriratu mgonero pa mtengo wotsikirapo n'kwanzeru, popeza ndi mbale yomwe siingaphonyedwe.

Komabe pali nkhani ya ana. M'chitsanzo chija, mgonero wolipiriratu wa anthu anayi ndi K100,000. Koma ana awiri aang'ono samaliza mbale ya munthu wamkulu aliyense. Akhoza kugawana imodzi. Mbale zitatu zogula pompopompo pa K30,000 ndi K90,000, kutanthauza kuti wolipiriratu waluza K10,000 usiku uliwonse. Zinthu zimatembenuka pokhapokha ngati ana akulipira theka. Apo mgonero umakhala K75,000, ndipo banja lapulumutsa K15,000. Funso loti ana amalipira bwanji, ndiponso mwana amawerengedwa mpaka zaka zingati, ndi lomwe limagamula ngati half board ili yabwino kwa banja kapena ayi. Malire a zakawa amasiyana malo ndi malo, ndipo mwana wa Fomu 1 kawirikawiri amawerengedwa kale ngati wamkulu.

Kugona kunsi, kuyenda kumtunda

Ambiri amati njira yosavuta ndi kugona m'tauni n'kumakwera phiri masana. Ndi zoona kuti ndi yotsika mtengo, koma kusiyana kwake si kwakukulu monga momwe mtengo wa chipinda umaonetsera. Pa chitsanzo chomwe chija, chipinda cha m'tauni chikhale K45,000. Pochiyerekeza ndi K180,000 ya pamwamba, munthu angati kunsi n'kotsika kanayi. Koma banja la anthu anayi likufunika zipinda ziwiri, K90,000 pa usiku, K180,000 masiku awiri. Kadzutsa wa K3,000 pa munthu masiku awiri ndi K24,000. Nsima ya nkhuku kapena ya nsomba pa K8,000 pa munthu, mausiku awiri, ndi K64,000. Takisi ikhale K25,000 pokwera ndi K25,000 potsika. Banja likakwera Loweruka ndi Lamulungu m'mawa, ndi K100,000. Zonse pamodzi ndi K368,000.

Pamwamba, chipinda masiku awiri ndi K360,000, mgonero ana akulipira theka ndi K150,000, takisi kukwera kamodzi ndi kutsika kamodzi ndi K50,000. Zonse pamodzi ndi K560,000. Kusiyana ndi K192,000, ndalama yambiri ndithu, koma ndi kamodzi ndi theka, osati kanayi. Ndipo chomwe ndalama yoonjezerayo ikugula ndi mbandakucha wa paphiri, pomwe chigwa chonse mpaka ku nyanja ya Chilwa chimaoneka, kunja kukacha bwino ngakhale phiri la Mulanje, alendo ochokera kunsi asanafike. Kwa banja lomwe labwera chifukwa cha phiri, ndalamayo ili ndi ntchito. Kwa lomwe likufunanso kuona munda wa zomera wa Botanical Gardens, chipilala cha asilikali a King's African Rifles, msika, ndi kucheza ndi mwana yemwe ali ku yunivesite, kugona pamwamba n'kulipira malo omwe sakhalapo.

Wogona m'tauni sayenera kulipiriratu chakudya, kupatula kadzutsa ngati mtengo wake uli wabwino. Malo odyera ndi ambiri, ndipo kumangika pa khitchini imodzi pakati pa mzinda wodzaza ndi mpunga ndi nsomba za ku Chilwa n'kudzimana. Palinso malo a pakati, m'munsi mwa phiri mumsewu wokwera, monga Casa Rossa yomwe imadziwika ndi zakudya za ku Italy. Malo oterewa amachepetsa mtunda wokwera, koma usiku munthu wopanda galimoto amadyabe pomwe wagona, ndiye kawerengedwe kake kamafanana ndi ka pamwamba.

Yemwe ali ndi galimoto yake amachotsa takisi pa ziwerengerozi n'kuikapo mafuta. Kukwera kumamwa mafuta kuposa mtunda womwewo pamalo athyathyathya, ndipo pamwamba palibe pomwetsera. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga zakhala zikuchitikira kawirikawiri m'dziko muno, maulendo okwera ndi kutsika tsiku lililonse akhoza kutha mafuta obwererera kunyumba.

Nyumba zodziphikira, zomwe zina ndi za mipingo ndi makampani, zimakomera gulu lalikulu: mabanja awiri kapena atatu, kwaya, kapena anthu a banki m'khonde omwe agwirizana kukapuma atagawana ndalama. Mtengo umakhala wa nyumba yonse, ndiye anthu akachuluka aliyense amasonkha zochepa. Zakudya zimagulidwa kumsika wa Zomba asanakwere, ndipo chilichonse chikhale pa mndandanda, mpaka mchere ndi machesi, chifukwa choiwalika chimagulidwa ndi ulendo wa makilomita 20 kupita ndi kubwera. Zofunsa ndi zachidziwikire: chophikira ndi gasi, magetsi kapena nkhuni, nanga magetsi a Escom akathima pali chiyani, firiji ilipo, mabulangete ndi okwanira, mlonda kapena wophika amalipidwa padera. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, choncho kutola nkhuni kapena kusonkha moto paliponse kukhoza kupalamulitsa mlandu, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala pomwe moto wolusa umavuta. Ndipo mwambo wa mabanja ambiri ndi wakuti wophika amakhala mayi. Ngati ulendowo ndi wa Tsiku la Anakubala, ndalama yomwe yapulumuka yalipidwa ndi yemwe amayenera kupuma.

Msonkho ndi kwacha

Mtengo womwe watchulidwa pafoni uyenera kufunsidwa ngati msonkho walowamo kale. Pa malo ogona ndi odyera olembetsedwa pamakhala VAT, yomwe kwa zaka zambiri inali pa 16.5 peresenti, ndi msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti. Pa mlingo umenewo, bilu ya K510,000 ya chipinda ndi mgonero ija ingakwere ndi K89,250 ngati misonkhoyi inali isanaikidwe. Malo ambiri amakhalanso ndi mitengo iwiri, wa anthu okhala m'dziko muno ndi wa alendo akunja, ndipo wotsikawo nthawi zina amaupereka kwa yekhayo amene waufunsa n'kuonetsa chiphaso cha unzika.

Ubwino waukulu wa kulipiriratu m'Malawi muno si kuchotsera kwa K5,000 pa mbale kuja ayi, koma kuthawa kukwera kwa mitengo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Chipinda cha madola 100 chinachoka pa K118,000 kufika pa K170,000 tsiku limodzi, Khirisimasi itatsala milungu yochepa. Amene anali atalipira zonse mu Okutobala n'kusunga lisiti anali pabwino. Amene anangopereka chikole pa mtengo wa madola anayenera kumaliza zotsalazo pa mtengo watsopano. Phunziro lake kwa wogula ndi lakuti mtengo ulembedwe m'makwacha, ndipo zilembedwe poyera kuti sudzasintha pofika tsiku la ulendo. Uthenga wa pa WhatsApp kapena imelo wochokera ku malowo ndi umboni wokwanira kuposa lonjezo la pakamwa.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ija akuluakulu amati osagula mbereko mwana asanabadwe. Maulendo amalephereka. Maliro sapangana tsiku, mwana amadwala, mafuta amasowa, ndipo m'dzinja mvula ikhoza kutseka njira, monga zinachitikira m'chigawo chakummwera pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Munthu akalipiriratu chipinda ndi zakudya zonse, ndalama yomwe ili pachiswe ndi yaikulu kuposa ya yemwe wapereka chikole cha chipinda chokha. Choncho malamulo obweza ndalama ndi ofunika kuwamva bwino: kudziwitsa kutatsala masiku angati, amabweza zingati, ndipo ngati sabweza, amalola kusintha tsiku kapena ayi. Malo ambiri amavomera msanga kusintha tsiku kusiyana ndi kubweza ndalama. Njira yomwe imateteza mbali zonse ndi kulipira chipinda msanga, kugwirizana mtengo wa mgonero molemba, n'kudzaulipira pofika.

Ndalama itumizidwe ku akaunti ya bizinesi, kaya ya kubanki, ya Airtel Money kapena ya TNM Mpamba yomwe ikuonetsa dzina la malowo. Akamberembere amatsegula masamba pa Facebook ndi zithunzi za malo enieni n'kumalandira zikole pa nambala zawo, makamaka nyengo ya zikondwerero. Kuimba foni pa nambala yopezeka kwina, osati pa tsamba lomwelo, kumathetsa nkhani. Wogula yemwe walipira n'kupatsidwa zosiyana ndi zomwe anagwirizana akhoza kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, koma adzafunsidwa lisiti ndi umboni wa zomwe analonjezedwa.

Nthawi ya ulendo nayo imasuntha mitengo. Ku Zomba, kuonjezera pa Khirisimasi ndi Pasaka, pali masiku omwe University of Malawi imapereka madigiri ku Great Hall. Makolo ndi abale amadzaza malo ogona a m'tauni, maresitihausi omwe, ndipo matakisi amatanganidwa. Masiku amenewo mwayi wa kugona kunsi umachepa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi pamwamba pamazizira kwambiri ndipo chiperoni chikhoza kuphimba malo oonera patali tsiku lonse. Apo alendo amakhala pafupi ndi moto, ndipo nkhomaliro ya pahotela imadyedwadi. Pakati pa sabata, kunja kwa tchuthi, zipinda zambiri zimakhala zopanda anthu pokhapokha ngati pali msonkhano, ndipo woyang'anira malo amamvetsera munthu wonenerera. Kawirikawiri sakonda kutsitsa mtengo wa chipinda, koma amavomera kuonjezera mgonero wa ana kapena kamba wa masana pa mtengo womwewo.